Ndinachiyanika pa Thandala

Ndine ndinatsegula botolo lija. Ndanena poyambirira pomwe kuti wina asavutike kufunafuna wolakwa, chifukwa kuno ku Kalongwezi anthu ayamba kale kupeka zawo, ena akuti inali mvula, ena akuti akuba m'basi. Sinali mvula, sanali akuba. Ndinali ine Getrude Shawa, mayi wake wa Millicent, ndi sizasi yanga yodulira nsalu.

Millicent ndi mwana wanga wachiwiri. Anakhala zaka zinayi pa yunivesite ina ku Joni akuphunzira za udokotala, osati wa kuchipatala, koma uja wa mabuku. Anafika Lachiwiri lina la mu Febuluwale pa basi ya ku Lusaka, mvula ikukhuthuka, ndipo anati agona masiku awiri okha. Lachinayi amayenera kudutsa malire pa Mwami, kukakwera ndege ku Lilongwe, n'kupita ku Ulaya kumene kuli makina oyezera chinthu chimene anapanga. Makinawo anawadikira chaka ndi miyezi iwiri, ndipo anamupatsa masiku asanu okha kuyambira Lolemba. Aphunzitsi ake anamuuza mosabisa kuti popanda zotsatira za makinawo udokotala palibe, ndiponso kuti Juni akakwana nthawi yake yatha, saonjezera. Ine zonsezi ndinkazidziwa. Ndinali nditauza kale amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwathu kuti ayambe kusankha chitenje cha chikondwerero.

Atate ake, a Bizwell Shawa, anaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka makumi atatu ndi chimodzi. Zaka ziwiri zapitazo sitiroko inawagwetsa kubafa. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panatsekeka, koma mutu uli bwinobwino. Amamva zonse, kungoti mawu satuluka. Amakhala pampando wawo pakhonde, ndipo akafuna kanthu ankamenya mkono wa mpandowo ndi dzanja lamanzere.

Tsiku lomwe anafikalo, mvula itakata chakumadzulo, Millicent anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi atate ake. Anatulutsa m'chikwama cha m'manja kathumba konyezimira ngati pepala la m'paketi ya tiyi, komatidwa mbali zonse.

"Atate, ndi ichi," anatero. "Simungachione, chili m'kati. Koma ndikufotokozerani."

Ine ndinaima pachitseko ndi mthiko m'manja.

"Timayamba ndi kamwala kakuda konyezimira, dzina lake fosiforasi wakuda. Kamwalako n'kosanjikizana ngati masamba a buku. Ndimamata selotepi pamwamba pake n'kumatula, ndiye pa selotepipo pamatsala timasamba. Kenako ndimapinda selotepi ija, kumata, kumatula, kumata, kumatula, mpaka timasamba tija titapyapyala. Ndikatero ndimadinda pa kachidutswa ka silikoni kofanana ndi chikhadabo. Ndiye ndikhale pa maikulosikopu tsiku lonse kufunafuna tsamba limodzi lokha, la mzere umodzi wa maatomu, loti simungalipyapyalitsenso."

"Ndiye zaka zinayi zonsezi umasewera ndi selotepi?" ndinafunsa.

"Inde amama. Mipukutu yoposa mazana awiri."

"Ukanangokhala konkuno, ya ku msika wa Kapata ndi yotsika mtengo."

Anaseka. Atate ake anagogoda pampando kawiri, kusonyeza kuti ine ndikhale chete mwana apitirize.

"Tsambalo limatha kulola magetsi kudutsa, limathanso kuwatsekereza, ngati mpopi wa madzi. Zinthu za mtundu umenewu ndi zimene zimagwira ntchito m'foni. Koma langali ndi lokwinyika, atate. Lili ndi mizere ngati munda wa mtedza wa ku Chipangali. Inu mungaganize kuti magetsi amathamanga akamatsata mizere, eti? Ayi. Amathamanga kwambiri akamadumpha mizere. N'zimene ndikufuna kukayeza pa tsamba limodzi lokhalokha. Ndili nawo atatu amene mawaya agolide anagwira bwino. Atatu okha, zaka zonsezi."

A Shawa anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi n'kutsika. Ndinene zoona, ndinachita nsanje. Ine ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, koma chiyambire kudwala sanandisekerepo choncho. Nthawi yomweyo ndinamva fungo la nyemba zikupserera.

"Za sayansi n'za iwe ndi atate ako," ndinatero, n'kulowa kukhitchini.

Zimene ananena pambuyo pake sindinazimve. Ndinazimva mawa lake zinthu zitaonongeka kale. Anauza atate ake kuti tsambalo limafa ndi zinthu zitatu, mpweya womwe timapumawu, chinyontho, ndi kuwala, ndipo zitatuzi zikakumana silichedwa. Anati amalipangira m'bokosi lagalasi lopanda mpweya wathuwu, manja ali m'magolovesi omatidwa kubokosiko. Anati m'kathumbamo muli botolo lodzaza ndi gasi wosaononga, m'botolomo muli kabokosi, ndipo zonsezi zikatsegulidwira m'kati mwa makina a ku Ulaya basi. Sanaliphimbe ndi china chilichonse chifukwa makinawo amafuna kukhudza pamwamba penipeni. Atate ake anamva zonsezi, ine ndikupala mphika.

Lachitatu m'mawa ndinamuumiriza kuti apite ku Madzimoyo akalonjere azakhali ake a Dolika. Iye sankafuna, ankati akhale ndi atate ake.

"Ukachoka osawaona, adzanditukwana mpaka kumanda," ndinatero. "Adzati Getrude wabisa mwana. Pita, masana ukhala utabwera."

Anamvera. Kathumba kaja sanafune kukagwedeza pa minibasi, ndiye anakaika m'sutikesi, pakati pa zovala. Potuluka anatembenuka.

"Amama, sutikesi yanga musakhudze. Ndikonza ndekha."

Mawu amenewa wakhala akundiuza kuyambira ali giredi eyiti ku sukulu yogonera komweko, ndipo nthawi zonse ndikatsegula ndimapezamo masokosi onunkha ndi buledi wa nkhungu. M'nyumba mwathu mwana akabwera kuulendo, katundu wake amatulutsidwa yense, zochapa kuchapa, zotsala kuyanika padzuwa. Anandiphunzitsa choncho amayi anga pa mishoni, ndipo palibe mwana wanga anayamba wachoka pakhomo pano ndi chovala cha chinyontho. Anthu amandidziwa. Pansi pa nyumba yanga mutha kudyerapo.

Ndipo sutikesiyo inalidi itanyowa. Madzi analowa m'chipinda cha katundu m'basi muja, mbali imodzi yonse inali chinyezi, fungo layamba kale. Cha m'ma naini dzuwa linatuluka lamphamvu, nthaka ikufuka nthunzi ya mvula ya dzulo. Ndinati Mulungu wandikomera mtima. Ndinakokera sutikesi pabwalo, pamaso pa a Shawa, n'kuyamba kutulutsa.

Kathumba kaja ndinakapeza kali ndi chinyontho kunja. Ndinakazindikira, sindinganame. Ndinadziwa kuti ndi chinthu cha mtengo wapatali cha mwana wanga, ndipo n'chifukwa chake ndinafuna kuchisamala koposa zonse. Ndinaganiza kuti ngati madzi afika kunja, m'kati muli bwanji? Mwana akafike ku Ulaya, atsegule pamaso pa azungu, apeze nkhungu? Ndinatenga sizasi.

A Shawa anayamba kumenya mpando.

"Dikirani, phala likubwera," ndinatero.

Ndinadula bwinobwino m'mphepete kuti adzathe kumatanso. M'kati munali botolo lagalasi lokulungidwa m'pepala lakuda, chivindikiro chomanga ngati anamanga ndi sipanala. Ndinachikulunga ndi chitenje, ndinakanika, ndinachithira madzi otentha monga timachitira ndi botolo la jamu, mpaka chinalola. Chinalira kuti psii pang'ono. M'botolomo munali kabokosi kokhala ndi chivindikiro chagalasi, ndipo m'kabokosimo kachidutswa kofiirira, konyezimira, kokhala ndi timizere tagolide. Kanali kokongola. Ndinatsegulanso kabokosiko kuti mphepo ipite.

Apa n'kuti a Shawa akumenya mpando ngati ng'oma, kukhosi kukutuluka phokoso lomwe sindinalimvepo. Malovu anali kutsika pachibwano. Ndinapita n'kuwapukuta.

"Kodi lero mwadzuka bwanji? Mwana wangochoka pang'ono, abwera. Musandisokoneze, ndili ndi ntchito."

Ndinayala kansalu koyera pa thandala, pomwe timayanika mbale, n'kuikapo kabokosiko, botolo pambali pake chozondoka. Ndinasankha pamene dzuwa limamenya bwino. Sindinakhudze kachidutswako ndi chala, ndinasamala ndithu. Kenako ndinapita kuseri kukachapa.

Nditabwera ndi beseni ndinapeza mpando uli wopanda munthu. A Shawa anali pansi, atatsika masitepe awiri a khonde, akudzikoka ndi chigongono m'matope. Munthu amene zaka ziwiri sanasunthepo yekha. Ndinataya beseni.

"Ngati mukufuna kuchimbudzi simungadikire? Mufuna mufe anthu anene kuti ndinakusiyani?"

Ndinaitana mayi wa nyumba yoyandikana nayo, tinawanyamula n'kuwabwezera pampando. A Shawa anandigwira mkono mwamphamvu, akundiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kubwalo. Ndinawabweretsera chitini chokodzeramo, anachikankha. Ndinawabweretsera phala, anatembenuza nkhope. Ndinapsa mtima, ndinawamanga ndi chitenje m'chiuno kumpando monga anatiuzira a kuchipatala kuti asagwenso, ndipo ndinapitiriza kuchapa. Patapita nthawi anasiya kumenya. Ndinati atopa.

Millicent anafika wani koloko itadutsa, atanyamula thumba la maungu la kwa azakhali ake. Anaona zovala zake pachingwe, anaima. Anaona pa thandala. Thumba linagwa, maungu n'kugubuduka.

Sanakuwe. Anathamanga, anatseka kabokosi, anakaponya m'botolo, kumanga chivindikiro, n'kulifunditsa m'bulauzi yake. Chivindikirocho chinamugwa kawiri.

"Mwatsegula nthawi yanji?"

"Chinanyowa, Mili. Ndimati chiume."

"Amama, nthawi yanji?"

"Cha m'ma naini."

Anawerenga maola pa zala ngati mwana wa giredi wani. Kenako anandiuza m'mawu ochepa zimene anauza atate ake dzulo lake. Ndinakhala pansi pomwepo pamatope.

"Dzukani," anatero. "M'botolomu tsopano muli mpweya wonyowa, chikupitirira kufa. Ndikufuna gasi wotchedwa agoni. Owotcherera zitsulo ena amakhala naye. Mukudziwa aliyense?"

Ndinakumbukira Luka, amene anatipangira geti. Ndinapempha mayi woyandikana uja kuti ayang'anire a Shawa, ndipo tinakwera njinga zamoto ziwiri, ine ndi msinkhu wangawu, patapata kuphazi, chitenje chonyowa ndi sopo. Njira yonse ndinkapemphera mokweza, woyendetsa mpaka anandifunsa ngati kuli maliro.

Luka sitinamupeze pamalo pake, anati wasamukira kuseri kwa msika. Wowotcherera woyamba amene tinafunsa anati iye amagwiritsa magetsi basi. Wachiwiri anatikokera silinda yaikulu mokondwa.

"Uyu ndi okosijeni," anatero Millicent. "Ameneyu ndiye angachimalize pompano."

Tinayenda wapansi pakati pa mageti ndi mafelemu a mawindo, ine ndikufunsa aliyense, ndikugwira anthu malaya. Luka tinamupeza akudya chinangwa pansi pa galimoto yakufa. Ndi bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo kuchedwa kwakeko kunandipweteka.

"Agoni ndinali naye wowotcherera aluminiyamu, amayi," anatero. "Koma watsala wochepa, ndipo wina amachokera ku Lusaka. Ndili ndi ntchito ya munthu mawa."

Ndinagwada. Ine Getrude, amene ndinaphunzitsa ana a Luka kulemba, ndinagwada pa mafuta a galimoto n'kumugwira mwendo.

"Ndapha ntchito ya mwana wanga, a Luka. Ndithandizeni."

Anachita manyazi, anandidzutsa, n'kukoka silinda. Millicent anapempha pulasitiki yaikulu yoonekera, anaikamo botolo, analowetsa paipi, ndipo anandiuza kuti ndigwire kukamwa kwa pulasitikiyo. Luka anatsegula gasi. Pulasitiki inafufuma, Millicent n'kuifinya, inafufumanso, n'kuifinyanso, kasanu. Kenako anatsegula botolo ndi kabokosi ali kunja kwa pulasitiki, akugwira kudzera m'pulasitikimo, anadikira, n'kutsekanso zonse. Ndinaona mmene zala zake zinkayendera, mosafulumira, mosalakwitsa, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti mwana wanga ntchito yake amaidziwa. Gasi anathera pomwepo. Luka anakana chilichonse, anangoti tikawapatse moni aphunzitsi a Shawa.

"Ndiye chapulumuka?" ndinafunsa.

"Chasiya kuonongeka. Sindikudziwa ngati chatsala. Ndikufuna maikulosikopu."

Tinapita kusukulu kumene a Shawa ankaphunzitsa. Amene amayang'anira sayansi pano ndi Sesiliya, yemwe anali mwana wa sukulu wa a Shawa. Tinamupeza akutseka kalasi. Atamva dzina la aphunzitsi ake sanafunse zambiri, anatenga makiyi.

M'labu munali fungo la sipiriti ndi fumbi. Sesiliya anatulutsa maikulosikopu yabwino koposa zonse, koma inali younikira kuchokera pansi, yoonera masamba a anyezi, ndipo kachidutswa ka Millicent kuwala sikudutsa. Anatseka makatani. Millicent anatulutsa kabokosi kali kotseka, anakaika pansi pa diso la makinawo kuti aziona kudzera pa chivindikiro chagalasi chija, ndipo Sesiliya anaunikira cham'mbali ndi tochi ya foni atayiphimba ndi pepala lofiira la switi.

"Mawaya agolide ndi amene anditsogolere," anatero Millicent. "Pomwe akumana, tsamba lili pomwepo."

Anapotokola kachitsulo pang'onopang'ono. Ine ndinaima kumbuyo kwake. Panapita nthawi yaitali.

"Loyamba lapita," anatero.

Anasuntha kabokosi ndi nsonga ya pensulo. Sesiliya anasintha dzanja, linali litatopa.

"Lachiwiri lapita."

Apo ndinakumbukira mtengo wa gwafa. Dzuwa likafika pamutu, mthunzi wake umagwera mbali imodzi ya thandala. Ndinayamba kulankhula ngati wamisala.

"Mili, panali mthunzi. Kuyambira cha m'ma leveni panali mthunzi wa gwafa, ndikulumbira. Mbali imodzi sinapse ndi dzuwa. Ndiponso kansalu kanali koyera, kochapa kumene. Sindinakhudze ndi chala. Lachitatulo lilipo, ona bwino."

Millicent sanachotse diso pa makina. Anafunafuna, anabwerera, anafunanso. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri nthawi imeneyo, zina sindingazinene pano. Kenako anachotsa diso pa makina, anakhala tsonga, n'kupukuta magalasi ake ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Bwerani muone, amama."

"Sindidziwa kuona m'menemo."

"Bwerani. Simunachionepo."

Ndinawerama. Poyamba ndinangoona mdima wofiira, kenako timizere tiwiri tagolide tikubwera kuchokera mbali ziwiri. Pakati pake panali timadontho tambirimbiri, ngati thukuta pamphuno pa mwana.

"Mukuona timadonthoto? Tsamba linali pamenepo. Lasungunuka."

Ndinayang'anabe, ndimati mwina ndiona kachidutswa kotsala kamene iye sanakaone. Panalibe.

"Upanga lina," ndinatero. "Selotepi ndigula ndine, bokosi lonse. Kamwala kaja uli nako? Tikhala tonse, ine ndizimatula, iwe uziyang'ana. Manja anga ndi osamala, ukudziwa. Mpaka Lolemba ndi masiku asanu."

"Bokosi lopangiramo lili ku Joni, amama. Ndipo kuti atatu awa agwire mawaya zinanditengera zaka zitatu."

"Ndiye uwaimbire a ku Ulaya akusungire malo."

"Pali anthu ena pamzere. Ndikaphonya, ndi chaka chamawa."

"Ndipatse foni ndilankhule ndi aphunzitsi ako. Ndiwauze kuti ndine. Chizungu ndimachidziwa, ndinaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Andilange ine."

"Amama," anatero, "chonde khalani chete pang'ono."

Sesiliya anazimitsa tochi, anatsegula makatani, n'kutuluka panja kutisiya.

Tinabwerera wapansi. Pa golosale ina ndinapatuka n'kugula mipukutu itatu ya selotepi. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza. Millicent anandiona ndikuilowetsa m'chitenje, anayang'ana kumbali.

Kunyumba tinapeza a Shawa ali pomwe tinawasiya, akadali omangidwa ndi chitenje chija. Maso awo anali pa geti. Millicent anagwada patsogolo pawo, anapukusa mutu kamodzi. Iwo anatseka maso.

Ndi pamene anaona chigongono chawo chosupuka ndi dothi lofiira m'zikhadabo.

"Atate atani?"

"Anagwa m'mawa. Amafuna kuchimbudzi, sanandidikire."

Millicent anaimirira n'kuyang'ana pabwalo. Matope anali atauma, ndipo mkukuluzi wa pomwe anadzikoka unkaoneka bwinobwino, kuchokera pa masitepe. Chimbudzi chathu chili kumanzere, kuseri kwa nyumba. Mkukuluziwo unalunjika kumanja, ku thandala, ndipo unathera pafupi, mwina mapazi anayi kuti afike.

Anauyang'ana, ine ndinauyang'ananso. Ndinakumbukira mmene anandigwirira mkono, ndi mmene ndinawamangira kumpando, nkhope yawo italoza ku thandala komweko, maola atatu.

Millicent anamasula chitenje chija, anatenga madzi ofunda, n'kuyamba kutsuka chigongono cha atate ake. Ndinafuna kumulandira beseni. A Shawa anakweza dzanja lamanzere n'kundiletsa.

Ndikanakonda Millicent akanandilalatira. Ndinamupempha ndithu, ndinati nditukwane mwana wanga, undimenye kumene, anthu amve. Iye anangokhala pakhonde n'kulemba makalata awiri pa foni, imodzi ya ku Ulaya yowauza kuti apereke masiku ake kwa wina, ina ya kwa aphunzitsi ake. Ndinamufunsa ngati walemba kuti ndine. Anati walemba kuti botolo linatseguka paulendo ndipo kusasamala kunali kwake, chifukwa sanauze onse a m'nyumba.

Lachinayi sanadutse pa Mwami. Anagula tikiti ya basi ya ku Lusaka kuti abwerere ku Joni akapemphe nthawi. Ndinali nditasita zovala zake zonse n'kuzipinda pabedi. Ndinayamba kuziika m'sutikesi monga ndimachitira nthawi zonse.

"Siyani amama, ndilongedza ndekha."

Ulendo uno ndinasiya. Analongedza, anatseka, anatulutsa kaloko katsopano n'kukhoma, kiyi n'kuika m'thumba. Kenako ananunkhiza mkono wa juzi yomwe anavala.

"Zikomo amama," anatero. "Zovala zauma bwino."

Sananene mwachipongwe. Ndinamuyang'ana kumaso kufuna chipongwecho, sindinachipeze, ndipo mpaka lero mawu amenewo ndi amene amandidzutsa.

Asanatuluke anapita kwa atate ake, anatulutsa kabokosi kaja m'botolo n'kukaika m'dzanja lawo lamanzere.

"Tsopano mutha kuchiona, atate. Palibenso choopa."

Ine ndinalemba kalata yangayanga kuyunivesite, masamba anayi, ndi dzanja langa labwino lija la pa bolodi. Ndinafotokoza za sutikesi, za sizasi, za thandala, zonse. Sesiliya anandithandiza kuitumiza. Anayankha mwaulemu patatha milungu itatu kuti amva chisoni, koma malamulo a nthawi si iwo anaika. Juni anakwana. Millicent anapatsidwa digiri yocheperapo pa ntchito yomwe anali atalemba kale, ndipo pano akuphunzitsa masamu pa koleji ina ku Joni konko. Amaimba Lamlungu lililonse. Amandifunsa za miyendo yanga, za mvula, za azakhali ake, kenako amati ndiike foni pakhutu pa atate ake. Za selotepi satchulanso. Amayi a Chigwirizano chitenje anali atagula kale, ndipo amachivala ku maukwati.

A Shawa amadya ndikawapatsa, amalola ndiwasambitse. Koma chiyambire tsiku lija sanamenyenso mpando. Akafuna kanthu amangokhala, mpaka ine ndizindikire ndekha, ndipo masiku ena sindizindikira.

Kabokosi kaja kali pa katebulo pambali pa mpando wawo, pamodzi ndi mipukutu itatu ya selotepi yosatsegula. M'mawa uliwonse ndimasesa khonde, kukolopa, kupukuta mawindo ndi miyendo ya katebuloko. Pamwamba pake fumbi lafika poti mutha kulembapo dzina ndi chala. Mlongo wawo Dolika atabwera mwezi watha anandifunsa ngati ndayamba kudwala maso, n'kutenga kansalu kuti apukute. Ndinamulanda.